Momwe ntchito ikuyendera: ndandanda ya mawu a Chitamang ndi kabuku ka malamulo ake

Novembala, kumayambiriro

Ntchitoyi ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi ndandanda ya mawu pafupifupi 300 a Chitamang, aliwonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa komanso kafayilo koti munthu amve momwe amatchulidwira. Yachiwiri ndi kabuku kakafupi ka malamulo a chiyankhulochi, kolembera ophunzira za ziyankhulo kwathu kuno, omwe ambiri nkhani ya matoni, kutanthauza kukwera ndi kutsika kwa liwu komwe kumasiyanitsa matanthauzo, anangoiona m'ziyankhulo za Chibantu basi. Ndinasankha Chitamang chifukwa matoni ake sayenda ngati athu, komanso akatswiri anachilembapo mokwanira moti munthu ali ku Zomba kapena ku Chipata angathe kuyambira pa zomwe zilipo kale.

Chitamang chimayankhulidwa ku Nepal, makamaka m'mapiri ozungulira chigwa cha Kathmandu, m'maboma a Rasuwa, Nuwakot, Dhading, Makwanpur, Sindhupalchok, Kavrepalanchok, Dolakha, Ramechhap ndi Sindhuli. Atamang ena ali ku India, ku Sikkim ndi ku Darjeeling. Kalembera wa ku Nepal wa 2011 anapeza anthu 1,353,311 omwe anati Chitamang ndicho chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo wa 2021 anapeza 1,423,075, omwe ndi pafupifupi 4.9 peresenti ya anthu onse a m'dzikomo. Ndi chachisanu pa kuchuluka kwa ochiyankhula, pambuyo pa Chinepali, Chimaithili, Chibhojpuri ndi Chitharu. Zinayi zimenezo ndi za mtundu umodzi ndi Chihindi. Chitamang ayi, ndi cha banja la Tibeto-Burman, ndipo m'banja limenelo palibe china ku Nepal chochiposa kukula. Abale ake apafupi ndi Chigurung, Chithakali ndi Chimanang, n'chifukwa chake m'mabuku kagulu kameneka amangokalemba kuti TGTM.

Ondithandiza kujambula mawu alipo awiri: amayi ochokera ku Kavrepalanchok ndi abambo ochokera ku Nuwakot, kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Trishuli. Nthawi ya ku Nepal ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi mphindi 45, choncho timayankhulana kuno kukali masana, kwawo atadya kale chakudya chamadzulo.

Novembala, kumapeto

Tebulo lomwe ndinayamba nalo linali ndi danga limodzi la Chitamang ndi limodzi la Chichewa. Silinakhalitse. Mpunga wophika amayi aja amati *kan*, abambo aja amati *ken*. Madzi amayi amati *kyui*, abambo amati *ki*. Mphatikira wosonyeza wochita chinthu kwa amayi ndi *-se*, kwa abambo ndi *-ce* (m'kalembedwe ka akatswiri a ku Nepal lembo la *c* limawerengedwa ngati *ts* wathu wa mu "tsiku"). Ngakhale mawu otanthauza chiyankhulo chenichenicho amamveka pawiri, ena *gyoi* ena *gyot*.

Mtsinje wa Trishuli ndiwo akatswiri amautenga ngati malire. Kum'mawa kwake kuli Chitamang cha kum'mawa, chomwe pa mndandanda wa ziyankhulo za dziko lonse chili ndi chizindikiro cha *taj*. Kumadzulo kuli cha kumadzulo, *tdg*. Palinso kagulu kakang'ono kum'mawa kwa boma la Gorkha komwe kanapatsidwa chizindikiro chakechake, *tge*. M'kati mwa mbali iliyonse mulinso kusiyana: kum'mawa kuli kayankhulidwe ka dera la Temal ndi ka dera la Sailung, zomwe Bryan Varenkamp anafufuza m'buku lake la 1996 lotchedwa *Tamang Tam*, kumadzulo kuli ka Nuwakot, ka Rasuwa ndi ka Dhading.

Tisaganize kuti kusiyanaku kuli ngati kwa Chichewa cha ku Kasungu ndi Chimang'anja cha ku Chikwawa, pomwe anthu amasekana pang'ono koma n'kumamvana ndithu. Munthu wa kum'mawa kwenikweni ndi wa kumadzulo kwenikweni akakumana mu Kathmandu, kawirikawiri amathawira ku Chinepali kuti nkhani iyende. Ondithandiza awiriwa ndinawatumizira zojambula za wina ndi mnzake. Mawu apaokha monga galu, mbuzi, nyumba ndi manambala amawazindikira mosavuta. Nkhani ikathamanga, amagwirapo mutu wake wokha. Komabe onse awiri sakayika ngakhale pang'ono kuti ndi Atamang ndipo amayankhula Chitamang.

Palinso msampha wina wa mbali inayo. Si onse odzitcha Atamang omwe amayankhula chiyankhulo cha kagulu ka TGTM. Anthu a m'chigwa cha Langtang, kumpoto kwa Rasuwa kufupi ndi malire a Tibet, ambiri amawerengedwa ngati Atamang, koma zomwe amayankhula zili pafupi kwambiri ndi Chitibeti. Dzina la mtundu ndi dzina la chiyankhulo sizigwirizana nthawi zonse, ndipo nambala za kalembera zija ziyenera kuwerengedwa ndi mfundo imeneyi m'mutu.

Zomwe ndachita: mawu aliwonse tsopano ali ndi danga la kum'mawa, danga la kumadzulo, ndi danga la dzina la boma kapena mudzi komwe mawuwo achokera. Omwe ndatenga m'mabuku ndikulemba mudzi womwe wolemba anakhalako. Martine Mazaudon, yemwe buku lake la *Phonologie tamang* linatuluka mu 1973, anagwira ntchito ku Risiangku m'boma la Sindhupalchok. Doreen Taylor ndi anzake, omwe anatulutsa ndandanda ya mawu mu 1972, anali ku Sahugaon, mbali ya kumadzulo. Tom Owen-Smith analemba za kayankhulidwe ka m'chigwa cha Indrawati pa maphunziro ake a udokotala ku sukulu ya ukachenjede ya SOAS, ku London. Kusakaniza atatuwa m'danga limodzi kungapange Chitamang chomwe palibe mudzi womwe umachiyankhula.

Disembala

Mwezi wonse wapita ndi matoni, ndipo sindikudandaula, poti ndiye mtima wa ntchito yonseyi.

M'Chichewa phatikizo lililonse limakhala lokwera kapena lotsika, ndipo ndi momwe timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika osaganizako n'komwe. Chitamang chili ndi matoni anayi, ndipo toni si ya phatikizo koma ya mawu onse. Tsinde ndilo limabwera ndi toni yake. Aphatikira omwe amatsatira alibe yawoyawo, amangolandira kanyimbo ka tsinde n'kukatambasula. Ndiye mawu a phatikizo limodzi ali ndi njira zinayi zomvekera, mawu a maphatikizo atatu alinso ndi njira zinayi zomwezo, osati zochuluka monga momwe wophunzira wa Chibantu angayembekezere.

Chachiwiri, toni si kukwera ndi kutsika kokha. Toni yoyamba ndi yachiwiri ndi zapamwamba, zotchulidwa ndi liwu loyera. Yachitatu ndi yachinayi ndi zapansi, ndipo liwu limatuluka ndi mpweya wambiri, ngati la munthu amene wangofika pamwamba pa chitunda n'kumakupatsa moni asanapume bwino. Olemba Chitamang ambiri mpweya umenewu amausonyeza ndi *h*. Motero *me* ndi moto koma *mhe* ndi ng'ombe. *Mi* wokoka ndi diso koma *mhi* ndi munthu. *Nga* ndi "ine" koma *ngha* ndi zisanu. (*Ng* wa m'mawu amenewa ndi *ng'* wathu wa mu "ng'oma", osati wa mu "ngolo".)

Komwe zinachokera n'komwe kumakoma. Mazaudon anasonyeza kuti kholo la ziyankhulo za TGTM linali ndi matoni awiri okha, koma linkasiyanitsa *p* ndi *b*, *t* ndi *d*, *k* ndi *g* kumayambiriro kwa mawu. Munthu akatchula *ba*, liwu limayambira pansi pang'ono kusiyana ndi akatchula *pa*. Ndi momwe kholingo limagwirira ntchito kulikonse. M'kupita kwa mibadwo, kusiyana kwa *b* ndi *p* kunayamba kufufutika, ndipo makutu a anthu anagwira katsikidwe ka liwu kaja m'malo mwake. Toni iliyonse mwa ziwiri zija inagawika pawiri, zinayi n'kukwana. André-Georges Haudricourt anali atafotokoza kale mu 1954 momwe Chivietnam chinapezera matoni ake kuchokera ku malembo opanda liwu, ndipo omwe anakhalako ku Durban kapena ku Johannesburg angakumbuke kuti m'Chizulu mulinso malembo ena omwe amakokera liwu pansi. Chomwe chimapatsa chidwi pa Chitamang n'choti kusinthaku sikunathe. Mu 2008 Mazaudon ndi Alexis Michaud anatulutsa kafukufuku m'magazini ya *Phonetica* wa oyankhula a ku Risiangku, ndipo anapeza kuti pa matoni apansi aja zizindikiro zitatu zimayendera limodzi: kutsika kwa liwu, mpweya, ndi *b* kapena *d* wakale uja yemwe nthawi zina amamvekabe. Munthu wina amatsamira kwambiri pa chimodzi, wina pa china.

Izi zikufotokoza zomwe zinkaoneka ngati chisokonezo m'tebulo langa. Nyumba buku lina limalemba *tim*, lina *dim*, lina *dhim*. Onse akunena zoona. Wolemba *tim* amaika kanambala ka toni patsogolo n'kusiya wowerenga adziwe yekha kuti *t* wa pa toni yapansi amafewa. Wolemba *dim* akutsata zomwe khutu lamva. Wolemba *dhim* akufuna mpweya uja uoneke. Lamulo lina lotsagana nalo: kusiyana kwa *p* ndi *ph*, *t* ndi *th*, *k* ndi *kh*, komwe ife Achewa timakudziwa bwino pa "kupala" ndi "phala", m'Chitamang kumapezeka pa matoni awiri apamwamba okha. Mukamva *kh* kumayambiriro, monga mu *khaba*, kubwera, dziwani kuti mawuwo sali pa toni yapansi.

Tsopano mbali yomwe yasintha kamangidwe ka ndandanda yonse. Mazaudon anayerekeza midzi ingapo, akulemba kukwera kwa liwu ndi manambala kuyambira 1, pansi penipeni, mpaka 5, pamwamba penipeni. Ku Risiangku toni yoyamba imatsika kuchokera pamwamba, 54, ndipo yachiwiri imakhala yosasintha, 44. Ku Sahugaon ziwirizi zinasinthana malo. Toni yachinayi ku Risiangku ndiyo yotsikitsitsa, 211, koma ku Taglung, kufupi ndi Kathmandu, imayambira pamwamba penipeni n'kugwa, 51. Chonsecho mawu omwe ali m'gulu lachinayi ku Risiangku ndi omwewonso ali m'gulu lachinayi ku Taglung. Magulu ndi amodzi, kamvekedwe kokha ndiko kamasiyana mudzi ndi mudzi.

Choncho m'ndandanda ndikulemba nambala ya gulu, 1 mpaka 4, osati "yokwera" kapena "yotsika". Kafayilo ka mawu ndiko kadzauze womvera momwe gulu limenelo limamvekera pakamwa pa amayi a ku Kavrepalanchok kapena abambo a ku Nuwakot. Ndikuona kuti apa m'pomwe ophunzira athu adzapindule kwambiri, chifukwa tinazolowera kuganiza kuti toni ndi katchulidwe, pomwe apa toni ndi gulu la mawu lomwe katchulidwe kake kangathe kutembenuka kwathunthu gulu osasweka.

Disembala, Khirisimasi itayandikira

Zojambula zoyamba zonse ndaziika pambali. Mapulogalamu otumizirana mauthenga pafoni amafinya mawu kuti bandulo isathe msanga, ndipo kukwera ndi kutsika kumapulumuka koma mpweya uja umasanduka phokoso wamba. Tagwirizana kuti azijambula mafayilo a WAV m'chipinda cha zii, foni italikire pang'ono kukamwa, n'kutumiza ngati chikalata. Ndikuziyeza mu pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Praat, ndipo ziganizo ndikuzidula mu ina yotchedwa ELAN.

Tasiyanso kuwerenga mawu motsatizana. Munthu akamawerenga mndandanda liwu limakwera lokha pa mawu aliwonse n'kudzagwa pa omaliza, toni yeniyeni n'kubisika. Tsopano dzina lililonse amalitchula palokha, kenako ndi mphatikira monga *-ri* kapena *-la*, kenako m'kati mwa chiganizo chimodzimodzi chosasintha. Pomwe pali mphatikira m'pomwe kanyimbo kamaonekera bwino, poti kapeza malo otambasukira. Zojambula zakale za ku Risiangku zomwe zili m'nkhokwe ya Pangloss ya ku France ndikuzigwiritsa ntchito poyerekeza.

M'kabuku ndaikamo chenjezo la Achewa anzanga: *l* ndi *r* m'Chitamang ndi malembo awiri osiyana kotheratu. *Ra* ndi mbuzi, *la* ndi tsinde la mneni wa kuchita. Ndiponso lilime lathu limafuna kutsekera phatikizo lililonse ndi lembo la liwu, pomwe kumeneko mawu amathera pa *m*, *n*, *k*, *p*, *s* mosavuta: *som* ndi zitatu, *min* ndi dzina, *gik* ndi chimodzi. Chigurung malembo ambiri akumapetowa chinawataya n'kutsala ndi kamvekedwe ka m'mphuno. Kumayambiriro nakonso kumakhala malembo ophatikizana omwe sitinawazolowere, monga *bli*, zinayi, *bre*, zisanu ndi zitatu, ndi *mrangba*, kuona.

Januwale mpaka Febuluwale

Kujambula kunaima chifukwa cha Sonam Lhosar, chaka chatsopano cha Atamang, chomwe chimagwa m'mwezi wa Magh pa kalendala ya ku Nepal. Abambo aja anapita kumudzi komwe netiweki ndi yovuta. Amayi aja anatumiza kavidiyo ka anthu akuvina *selo* ndi ng'oma yawo ya m'manja yotchedwa *damphu*, n'kunena kuti za mawu tidzaziona akamaliza kulandira alendo. Ndinagwiritsa ntchito mpatawo kulemba mutu wa mbiri.

M'mabuku akale dzina la Tamang simulipeza msanga. Brian Houghton Hodgson, nthumwi ya Britain ku Kathmandu m'zaka za m'ma 1800, anasonkhanitsa mawu awo pansi pa dzina la Murmi, ndipo dzina lomwelo lili mu *Linguistic Survey of India* ya George Grierson. Malamulo a dziko a 1854, Muluki Ain, anawaika m'gulu la anthu akumwa mowa omwe ankaloledwa kugwidwa ukapolo. Pokhala oyandikana ndi likulu, iwo ndiwo ankasenza katundu wa mafumu ndi kugwira thangata. Dzina la Tamang linavomerezedwa ndi boma mu 1932, m'nthawi ya nduna yaikulu Bhim Shumsher. Mu ulamuliro wa mfumu wopanda zipani wotchedwa Panchayat, kuyambira 1960 mpaka 1990, mfundo inali ya dziko limodzi, chiyankhulo chimodzi, chovala chimodzi, ndipo kusukulu kunali Chinepali chokhachokha. Amene anakula ku Malawi pambuyo pa 1968 ali Mtumbuka kapena Myao sangafune kufotokozeredwa zambiri apa, ndipo ife eni Chichewa tinali mbali yopindula.

Zinthu zinayamba kumasuka ndi malamulo a dziko a 1990. Radio Nepal inayamba kuwerenga nkhani m'Chitamang mu 1994. Malamulo a 2015 amati ziyankhulo zonse zobadwa nazo za m'dzikomo ndi ziyankhulo za fuko, ndipo amalola chigawo chilichonse kuwonjezera chiyankhulo cha ntchito za boma pambali pa Chinepali. Chigawo cha Bagmati, momwe muli Kathmandu ndi maboma ambiri a Atamang, chinasankha Chitamang ndi Nepal Bhasa, chiyankhulo cha Anewar, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu 2024. Ku Sikkim Chitamang chinavomerezedwa kale mu 1995.

M'chaka cha 2015 chija, pa 25 Epulo, chivomezi chinagunda kwambiri maboma omwe ndatchula kumayambiriro aja, ndipo Sindhupalchok ndilo linataya anthu ochuluka kuposa boma lina lililonse. Mabanja ambiri anasamukira m'tauni kuchokera nthawi imeneyo, achinyamata ambiri ali ku ntchito ku Malaysia ndi ku mayiko a Aluya. Anthu oposa miliyoni imodzi ndi ambiri ndithu, koma mwana wokulira mu Kathmandu amayamba ndi Chinepali, ndipo choyamba kutha ndi kayankhulidwe ka mudzi wake weniweniwo.

Malichi

Mutu wa malamulo a ziganizo watha kulembedwa koyamba. Mneni amakhala kumapeto, ndipo ntchito yomwe ife timaipereka kwa aperekezi ndi agwirizanitsi iwo amaipereka kwa aphatikira a kumapeto kwa dzina. *Apa-la dim* ndi nyumba ya bambo. *Dim-ri* ndi kunyumba kapena m'nyumba. *Ama-se kola-da kan pin-ji* ndi "mayi anapatsa mwana mpunga": *-se* akusonyeza wopereka, *-da* wolandira, *-ji* akusonyeza kuti zachitika. Aphatikira awiri omalizawa m'mabuku a Mazaudon mudzawapeza ngati *-ta* ndi *-ci*, pa chifukwa chomwe chija cha *tim* ndi *dim*.

Povuta kufotokoza ndi *-se*. "Iye anapita" ndi *the ni-ji*, popanda mphatikira. "Iye anadya mpunga" ndi *the-se kan ca-ji*. Kwa ife onse awiri ndi mwininkhani, ndipo "a-" wa mu "anapita" ndi yemweyo wa mu "anadya". Chitamang chimaika chizindikiro pa mwininkhani pokhapokha ngati pali chinthu china chomwe akuchitira kanthu. *-se* yemweyo amasonyezanso chida chomwe munthu wagwiritsa ntchito. Ndipo sakhazikika ngati lamulo la masamu: pa zinthu zochitika kale amapezeka kwambiri, pa zina woyankhula angamuike kapena kumusiya malinga ndi zomwe akufuna kutsindika. Gawo limeneli ndalilemba ndi zitsanzo zambiri ndi mawu ofotokoza ochepa.

Zina n'zopepuka moti wophunzira wa Chichewa angachite nsanje. Kulibe magulu a mayina. Mneni sasintha ndi munthu: *nga ni-ji*, *the ni-ji*, ndinapita, anapita. Nambala imatsatira dzina ngati kwathu, *mhi som*, anthu atatu. Kukana ndi *a-* patsogolo pa mneni, kuletsa ndi *tha-*. Kuwerenga kwakale kumayenda m'makumi awiriawiri, *bogal* kum'mawa, ngakhale pamsika manambala aakulu ambiri ndi a Chinepali tsopano, monga ife timathawira ku Chingerezi tikadutsa zisanu.

Mphatikira wa *-ba* amagwira ntchito zambiri. Ndiye "ku-" wawo wa mu "kudya", *caba*, "kumwa", *thungba*. Ndiyenso amamanga zomwe ife timamanga ndi "amene" kapena "wo-": *khaba mhi* ndi munthu wobwera, *jyaba mhi* ndi munthu wabwino.

Pali malo atatu pomwe Chichewa chinandithandiza kuposa mabuku a Chingerezi omwe ndikuwerenga. Aneni a kukhala alipo awiri, *hin* wonena chomwe chinthu chili ndi *mu* wonena kuti chilipo kapena chili pati. Kukana kwake ndi *ahin* ndi *are*. Ameneyu ndi "ndi" ndi "si" wathu mbali imodzi, "pali" ndi "palibe" mbali inayo. Kenako kamawu ka *ro* kumapeto kwa chiganizo, kosonyeza kuti woyankhula anangomva kwa ena, ndi "ati" wathu weniweni. Ndipo ulemu: *e* ndi "iwe", *hrang* ndi "inu". Koma iwo amapitirira pamenepo n'kusintha tsinde la mneni. Mwana amadya ndi *caba*, mlendo kapena lama (mtsogoleri wa chipembedzo) amadya ndi *solba*, ndipo mawu ambiri aulemuwa ndi ofanana ndi a Chitibeti, chomwe ndi chiyankhulo cha mabuku a chipembedzo chawo cha Chibuda.

Pomwe Chichewa sichithandiza ndi pa "ife". *Hyang* ndi ife pamodzi ndi amene ndikuyankhula naye. Pali mlowam'malo wina wa ife popanda iyeyo, ndipo ameneyo amasintha kwambiri dera ndi dera, moti ndamupatsa mzere wakewake m'tebulo. Dziko la mapiri laloweranso m'aneni: *khaba* ndi kubwera wamba, *yuba* ndi kubwera kuchokera kumtunda, ndipo *tor* ndi *mar*, kumtunda ndi kumunsi, sizisowa m'nkhani ya ulendo uliwonse.

Epulo

Funso la kalembedwe. Atamang ambiri amalemba ndi Devanagari, zilembo za Chinepali zomwe anaphunzira kusukulu. Alama amawerenga zilembo za Chitibeti. Pali Tamyig, yomwe ndi zilembo za Chitibeti zopepukitsidwa kuti zigwirizane ndi Chitamang, ndipo bungwe la Nepal Tamang Ghedung limailimbikitsa. Ku Sikkim ndiyo ikugwiritsidwa ntchito. Amrit Yonjan-Tamang, yemwe walemba mabuku ambiri a malamulo ndi mawu a chiyankhulochi, ndi mmodzi mwa omwe akhala patsogolo pa nkhani ya kalembedweyi. Pa Facebook achinyamata amangolemba ndi zilembo zathu zomwezi, aliyense momwe wamvera.

M'Devanagari, omwe amalemba tsiku ndi tsiku sasiyanitsa matoni onse anayi. Amasiyanitsa apamwamba ndi apansi: pa *m*, *n*, *ng*, *y*, *r*, *l* amawonjezera *h*, ndipo pa ena amagwiritsa ntchito *g*, *d*, *b* kapena *gh*, *dh*, *bh*. Malo a *h* nawonso sanakhazikike, moti "ife" uja mudzamuona ngati *hyang* kwina, *yhang* kwina. Katswiri wa katchulidwe angadandaule kuti theka la kusiyana latayika. Ine ndikuona kuti olembawo anasankha mwanzeru. Kugawa pakati pa liwu loyera ndi liwu la mpweya ndiko kumagwirizana m'midzi yambiri, pomwe kukwera ndi kutsika kwenikweni ndiko kumatembenuka pakati pa Risiangku ndi Sahugaon. Kalembedwe kosonyeza kukwera kulikonse kakanakhala ka mudzi umodzi, enawo n'kumaona ngati akulakwitsa. Ifenso matoni sitilemba konse ndipo nyuzi timawerenga bwinobwino.

Ndandanda yathu si nyuzi, ndi ya ophunzira, choncho izikhala ndi zonse ziwiri: Devanagari monga momwe ondithandizawo alembera okha, osawakonza, ndi zilembo zathu zokhala ndi nambala ya toni patsogolo. Tamyig ndaisiya kaye m'ndandanda chifukwa onse awiri sailemba, koma m'kabuku muli tsamba loifotokoza.

Meyi

Mawu a chibale ndiwo gawo lomaliza lomwe tajambula. *Apa* ndi *ama*, bambo ndi mayi. *Akhe* ndi *mam*, agogo aamuna ndi aakazi. *Jyojyo* ndi *nana*, achimwene ndi achemwali aakulu. *Ale*, mng'ono wamwamuna. *Asyang* ndi malume komanso apongozi aamuna, *angi* ndi azakhali komanso apongozi aakazi, chifukwa mwambo wawo umalola ukwati wa pachisuweni, monga unkachitira wathu. Kusiyana kwake n'koti iwo mtundu amatsata kwa bambo ndipo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, choncho m'danga la Chichewa ndalemba "malume" koma ndi kachenjezo koti udindo wa mwinimbumba usalowetsedwemo.

Pakali pano mbali ya kum'mawa yajambulidwa pafupifupi yonse, ya kumadzulo yapitirira theka. Nambala za matoni ndamaliza kuika pa mayina. Aneni atsala, ndipo amafuna kujambulidwanso ndi *-ba* komanso ndi *-ji* kuti gulu la tsinde lioneke. Abambo a ku Nuwakot apeza wachibale wawo wa ku Dhading yemwe wavomera kuwerenga mawu 100 oyambirira, ndiye danga la kumadzulo ligawikanso pawiri. Amayi aja apempha kuti tisanatulutse chilichonse adutsemo kaye ndi akuluakulu a kwawo, makamaka pa mawu aulemu ndi omwe amagwiritsa ntchito *tamba*, mkulu wosunga mbiri ndi miyambo yemwe amayankhula pa maukwati. Ndawatumizira masamba 20 oyambirira, ndipo mutu wa matoni ndaupereka kwa ophunzira awiri kuno kuti ayese kusiyanitsa *me* ndi *mhe* pongomvetsera, asanaone zolembedwa.